Makina Oona za M'kati mwa Katundu

Mayi wina wogulitsa nyemba anandiimitsa pamsika wa Ulongwe. Mwana wao ndi dalaivala, ndipo anawauza kuti ku doko la Beira kuli makina oona za m'kati mwa kontena osatsegula chitseko. Iwo anati: "Achimwene, kodi nyemba zolowa m'makina amenewo n'kudyekanso? Nanga mbeu n'kumera?" Safunsa anadya phula, choncho ndiyankhe pano kuti tonse timve.

Makinawa amagwiritsa nchito kuwala kosaoneka ndi maso, komwe kuja amajambulira mafupa ku chipatala. Pa Chipwitikizi timati raio X. Anakutulukira ndi Wilhelm Röntgen wa ku Germany m'chaka cha 1895.

Usiku, phimbani tochi ndi chikhatho chanu. Mudzaona kuwala kofiira kukudutsa m'zala. Raio X imachita chimodzimodzi, koma ndi mphamvu zambiri. Mbali imodzi ya galimoto kuli chotulutsa kuwala, mbali inayo kuli zolandira kuwalako. Nsalu ndi ufa zimalola kuwala kwambiri kudutsa. Chitsulo chimatsekereza, motero chithunzithunzi chake chimada. Kompyuta imasonkhanitsa zithunzithunzizo n'kuonetsa chithunzi chimodzi.

Pa makina aang'ono oonera zikwama, monga a pa bwalo la ndege, zakudya, nsalu ndi mapepala zimaoneka zofiirira ngati lalanje, pamene zitsulo zimaoneka zobiriwira ngati mtambo. Wa Alfândega amafananitsa chithunzicho ndi zolembedwa pa pepala. Pepala likati nyemba, chithunzi n'kuonetsa mabokosi pansi pa matumba, basi amalamula kutsitsa katundu. Makina sagwira munthu, amangoloza pofunika kuyang'ana.

Tsono Mayi, nyemba zanu idyani. Mbeunso idzamera. Kuwalaku sikutsalira m'katundu, monga momwe kuwala kwa tochi sikutsalira m'nyumba mukaizimitsa. Foni ndi ndalama sizionongeka.

Koma thupi la munthu ndi nkhani ina. Makina a magalimoto akuluakulu ndi amphamvu kwambiri chifukwa ayenera kubowola chitsulo cha kontena. N'chifukwa chake m'malo ena dalaivala amatsika, kwina kuwala kumayamba mutu wa galimoto utadutsa kale. Mukaona chikwangwani choletsa, imani patali. Musalowetse dzanja m'makina a zikwama pothamangira katundu wanu.

Chachikulu ndi ichi: musalole munthu aliyense akubiseni m'kontena kuti muoloke malire. Pa chithunzi munthu amaoneka, ngakhale agone pakati pa matumba. Ndiponso ambiri safika n'komwe pa makinawo. Kumbukirani za mwezi wa Marichi 2020, pamene galimoto yochokera ku Malawi inaimitsidwa pa sikelo ya ku Mussacama, m'boma la Moatize. Atatsegula kontena anapeza anthu 64 ochokera ku Ethiopia atamwalira chifukwa chosowa mpweya. Amoyo anali 14 okha. Onsewo anali ana a eni ake, ofuna nchito ngati ana athu.

Inu makolo a ku Zóbuè, Calómuè ndi Cassacatiza, mwana akatsanzika kuti akupita ku Joni, m'funseni za mapepala ake ndi za galimoto imene akwere. Akwere pokhala anthu, poona kunja.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata la mawa.