Shuga sangaphe mphere

Mankhwala a homeopathy anayambitsidwa ndi dokotala wa ku Germany, Samuel Hahnemann, mu 1796. Iye ankaphunzitsa kuti chinthu chodzetsa zizindikiro za matenda mwa munthu wathanzi chingachiritse wodwala amene ali ndi zizindikiro zomwezo, komanso kuti mankhwala akasukulutsidwa ndi kukhutchumulidwa mphamvu yake imachuluka. Botolo likalembedwa 30C, ndiye kuti dontho limodzi lasakanizidwa ndi madontho 99 a madzi kapena mowa, kenako dontho la zimenezo lasakanizidwanso chimodzimodzi, mpaka ka 30. Kusukulutsa kukapitirira ka 12, n'kovuta kuti mutsale ngakhale kachidutswa kamodzi ka mankhwala oyamba aja. Madziwo akadonthezedwa pa timibulu ta shuga, chomwe wodwala amabwira ndi shuga basi.

Pa matenda a pakhungu m'pamene vuto la chiphunzitsochi limaonekera poyera. Mu 1828 Hahnemann analemba kuti matenda ambiri a mgonagona amachokera ku chinthu chobisika m'thupi chimene anachitcha psora, chomwe ati chimatulukira kunja ngati kuyabwa. Koma mu 1687, Bonomo ndi Cestoni a ku Italy anali ataona kale kuti mphere imayamba ndi kachirombo kamene kamafukula khungu n'kuikiramo mazira. Kachiromboka kamafa ndi benzyl benzoate, permethrin kapena ivermectin, makamaka banja lonse likalandira mankhwala nthawi imodzi, zovala ndi zofunda n'kuchapidwa. Mphere ikalekereredwa, mwana amakanda mpaka zilonda, mabakiteriya n'kulowa, ndipo ena amavutika nazo impso.

Ena adzati, nanga bwanji pali anthu amene anachira? Sindikuwatsutsa, ndipo sanama. Koma chikanga chimabwera n'kuzilala chokha, njerewere zambiri zimatha popanda kuzikhudza, ndipo munthu amafuna chithandizo pamene matenda afika pachimake, nthawi imene ayandikira kale kutsika. Chilichonse chimene wamwa tsiku limenelo chimatamandidwa. N'chifukwa chake ofufuza amayerekeza mankhwala ndi mapiritsi opanda kanthu. Bungwe la boma la Australia loona za kafukufuku wa zaumoyo, NHMRC, linaunika umboni wotere mu 2015 ndipo silinapeze matenda ngakhale amodzi amene homeopathy imachiritsa motsimikizika. Mu 2017 bungwe la boma la zaumoyo ku England, NHS England, linalangiza madokotala ake kuti aleke kulembera odwala mankhwala a homeopathy. Chimene ndikuvomereza n'chakuti ochiritsa m'njira imeneyi amakhala nthawi yaitali kumvetsera wodwala, pamene kuchipatala kodzaza munthu amatuluka asanamalize kufotokoza. Zipatala ziphunzirepo, koma kumvetsera sikupha kachirombo.

Abale athu okhala ku South Africa, kumene ochiritsa otere amalembetsedwa mwalamulo, asasokoneze timabotoloti ndi mankhwala azitsamba. Mu khungwa kapena muzu muli chinthu chenicheni, chothandiza kapena chovulaza, chimene chingayezedwe. Kwinini wa malungo anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona. Tisanyengekenso ndi mawu akuti shuga sapweteka. Chimene chimapweteka ndi miyezi yotayika. Chigamba chotuwa chosamva kukhudza chingakhale khate, lomwe limachira ndi mankhwala operekedwa mwaulere, koma liyenera kupezeka lisanaononge minyewa. Mawanga akuda pamwendo kapena m'kamwa angakhale khansa ya Kaposi, yomwe imakonda anthu amene ali ndi HIV. Ndipo kwa munthu wa chialubino, chilonda chosapola pankhope kapena pakhosi chiyenera kuonedwa ndi dokotala sabata yomweyo.