Masanje a m'kompyuta alankhule Cinyanja

Mwana aliyense wa ku Tsangano ndi ku Macanga amadziwa masanje. Cimanga cikakololedwa, ana amatola mapesi ndi kumanga tinyumba kuseri kwa mudzi. Wina amakhala mayi, wina bambo, wina mfumu. Sipalephera kupezeka fisi wodzaba ndiwo. Atsikana amaphika nsima m'tizitini. Anyamata amaumba ng'ombe zadongo ndi kuzimangira khola la timitengo. Mudzi umenewo si weniweni, ndipo ana amadziwa. Koma m'mudzi wongopekawo ndimo mwana amaphunzira kugawa cakudya, kuweruza mlandu ndi kulandira alendo.

Masiku ano kwabwera masanje a mtundu wina. Amacitikira m'kompyuta, m'tabuleti kapena m'foni. Mwana akayang'ana pa galasi la cipangizoco amaona dziko. Muli mapiri, mitsinje, mitengo ndi ziweto. Mulinso kamunthu koimira iye mwini. Akasuntha cala, kamunthuko kamayenda. Kamakumba, kamabzala, kamamanga. Mwana wina amene ali kutali, ku Tete kapena ku Lilongwe, akhoza kulowa m'dziko lomwelo kudzera pa intaneti. Awiriwo amamanga nyumba imodzi ngakhale sanaonanepo.

Masewera odziwika kwambiri a mtundu umenewu ndi Minecraft. Anapangidwa ku Sweden, ndipo anatuluka athunthu mu 2011. Zonse za m'menemo, nthaka, madzi ndi mitengo, ndi timabokosi tofanana ndi njerwa. Wosewera amasanja timabokosito monga mmisiri amasanjira khoma. Mu 2016 kunatulukanso Minecraft ya kusukulu, imene aphunzitsi a m'maiko ena amaphunzitsira masamu ndi mbiri yakale.

Makolo ena akamva zimenezi amati: “Izo nza ana a m'tauni.” Ena amati: “Ndi zoseweretsa cabe, zidzaononga ana.” Onsewa ali ndi pamene akunena zoona. Koma foni inafika kale pamsika wa ku Furancungo. Inafika kale kwa ogulitsa mbatatesi m'mbali mwa mseu. Kumene foni yafika, masewera amatsatira. Adzafika m'manja mwa ana, makolo afune asafune. Cofunika kufunsa ndi ici: akadzafika, adzalankhula ciyankhulo canji? Nanga zimene mwana adzamange m'menemo, adzaziona ndani?

Funso loyambalo makolo a kuno amalidziwa bwino, cifukwa anakumana nalo kale. Dziko la Moçambique litalandira ufulu mu 1975, sukulu inapitiriza kuphunzitsa m'Cipwitikizi cokha. Mwana ankafika m'kalasi yoyamba akudziwa zambiri. Ankadziwa kuwerenga mbuzi za kwawo. Ankadziwa maina a mbalame ndi a bowa. Wina akati “Cilapi!” iye ankayankha msanga kuti “Nacize!” Koma zonsezi ankazisiya panja pa citseko. M'kati aphunzitsi ankalankhula mau amene iye sanawamvepo. Mwanayo ankakhala duu, maso pansi. Ankabwereza mau ngati nyimbo, osadziwa tanthauzo lake. Ambiri anabwereza kalasi kawiri, katatu, kenaka n'kubwerera kubusa. Sikuti anali mbuli ai. Sukulu ndiyo inali yogontha.

Pa nthawi ya nkhondo mabanja ambiri anathawira ku Malawi, ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ana amene analowa sukulu kumeneko anapeza mabuku a Cicewa, ciyankhulo ca kunyumba kwao. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera. Mu 1993 bungwe la INDE linayamba kuyesa maphunziro a ziyankhulo ziwiri, ochedwa PEBIMO. Ku Gaza ana anayamba ndi Xichangana, ku Tete anayamba ndi Cinyanja, ndipo Cipwitikizi cinkalowa pang'onopang'ono. Kuyesaku kunatha mu 1997. Amene anayendera makalasiwo anaona ana akukweza manja, akufunsa mafunso, akuyankha aphunzitsi mopanda mantha. Kuyambira mu 2003 maphunziro otere anafalikira ku zigawo zina za dziko.

Tsono taonani ngozi yake. Masewera ambiri a m'kompyuta amalankhula Cingelezi, ena Cipwitikizi. Mwana wa kalasi yoyamba akalowa m'menemo amabwerera pa citseko cakale cija. Amadina apa ndi apo. Amaseka kamunthu kakagwa m'dzenje. Koma mau sakumumva, iyenso sakuwamva. Cimene makolo ndi aphunzitsi anacigonjetsa m'kalasi cikhoza kubweranso, ulendo uno covala magalasi owala.

Kuti cipangizo cilankhule ciyankhulo ca mwana si maloto. Zinacitika kale tsidya lina la malire. Mu 2013, pa sukulu ya Biwi mu mzinda wa Lilongwe, ana a makalasi oyamba anapatsidwa matabuleti okhala ndi maphunziro a masamu a bungwe la onebillion. Mau a m'matabuletiwo anali a Cicewa. Ana ankaphunzira mphindi 30 pa tsiku kwa masabata 8. Ofufuza a ku yunivesite ya Nottingham anapeza kuti ana amenewa anapita patsogolo pa masamu kuposa anzao amene sanalandire maphunzirowo. Mu 2023 boma la Malawi linayamba nchito yochedwa BEFIT, yofuna kufikitsa matabuleti ku sukulu zonse za pulaimale za boma, kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Matabuletiwo amachajidwa ndi magetsi a dzuwa. Mwana amavala zomvera m'makutu, ndipo mau amamuuza kuti akoke zipatso zitatu kapena alondole cilembo ndi cala. Akalakwa, amayesanso. Palibe womuseka.

Maphunziro a m'tabuleti amenewa si dziko lalikulu longa Minecraft. Ndi khomo cabe. Koma aonetsa kuti zingatheke. Ndipo mau amene mwana wa ku Ntcheu amamva m'makutu mwake, mwana wa ku Tsangano angawamve onse. Agogo ao amagula mcere pa misika imodzimodzi. Komabe sizingatengedwe monga ziliri n'kuziika m'sukulu za kuno. Kumeneko amalemba “ch” pamene mabuku a kuno amalemba “c”. Kumeneko ciyankhulo caciwiri ndi Cingelezi, kuno ndi Cipwitikizi. Kumeneko amawerenga makwacha, kuno mameticais. Pafunika aphunzitsi a ku Tete, odziwa Cinyanja ndi Cipwitikizi, akhale pansi ndi opanga zinthuzi. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma mwini mutu ndiye amanena pometa.

Funso laciwiri lija ndi lokhudza mudzi. Mwana akamanga cinthu m'kompyuta, cithere momwemo kodi?

Ku Kenya, mu mzinda wa Nairobi, kuli dera lochedwa Kibera. Nyumba zake nzothinana, ndipo ana alibe malo okwanira osewerera. Mu 2012 bungwe la UN-Habitat linagwirizana ndi kampani ya Mojang, imene inapanga Minecraft. Nchito yao anaicha Block by Block. Anajambula bwalo la masewera la Undugu, la ku Kibera komweko, m'kati mwa Minecraft. Kenaka anaitana anthu a m'deralo, acinyamata ali pomwepo, kuti aone bwalolo ndi kusintha zimene akufuna. Pulani ya papepala imavuta kuimva munthu amene sanaphunzire za mapulani. Koma bwalo la m'kompyuta munthu amayendamo, n'kuloza kuti: “Apa paikidwe njira, apa pakhale pokhala.” Njira imeneyi inafalikira ku maiko ambiri. Ubwino wake waukulu ndi wakuti anthu amene sayankhula pamsonkhano, monga ana ndi atsikana, amapeza poonetsera maganizo ao.

Tiyerekeze sukulu ina ya ku Chidzolomondo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame. Aphunzitsi auza ana kuti amange mudzi wao monga ulili. Ana aika sukulu, chalichi, cigayo, zigafa za fodya ndi mjigo. Aika mtsinje umene amaoloka m'mawa uliwonse. Kenaka aphunzitsi afunsa kuti: “Nanga cikusowa nciyani?” Mnyamata wina aika ulalo pa mtsinje, cifukwa mvula ikagwa mu Januwale iye amajomba. Mtsikana wina asuntha cimbudzi ca atsikana, naciika kutali ndi ca anyamata, citseko cake cosayang'ana kumseu. Pamaso pa akuluakulu sakananena zimenezi. Manyazi akanamugwira. Koma ndi cala cake wanena.

Pamenepa mwana waphunzira zambiri tsiku limodzi. Wawerenga njerwa za ulalo, ndiwo masamu. Walemba “mjigo” pa cikwangwani, pansi pake “fontanário”, ndizo ziyankhulo ziwiri. Wakangana ndi mnzake za malo a msika, n'kugwirizana. Koma ngati ulalowo ungothera pa galasi, mwana aphunziranso cinthu cina coipa: kuti maganizo ake ndi masewera cabe. Cifukwa cake zimene ana amanga ziyenera kutuluka. Sukulu za m'Moçambique zili ndi Conselho de Escola, bungwe limene mumakhala makolo, aphunzitsi, ophunzira ndi anthu a m'mudzi. Bungwe limenelo liyenera kuona nchito ya ana. Anyakwawa aitanidwe. Mwana aimirire, awombe m'manja mwaulemu, anene kuti: “Zikomo amfumu, ulalo tauika apa cifukwa pamwamba paja pamaterera.” Amfumu akhoza kuvomera, akhoza kukana. Akakana, afotokoze cifukwa cake. Kulinso Parlamento Infantil, nyumba ya malamulo ya ana, kumene ana okulirapo amakambirana ndi akuluakulu a boma. Mwana amene anayamba kulankhula pabwalo la kwao sadzanjenjemera akadzafika kumeneko.

Pali cina cimene kholo lanzeru lingafunse: “Magetsi ali kuti?” Funsoli nloona. Damu la Cahora Bassa lili m'cigawo comwe cino ca Tete, koma magetsi ake ambiri amagulitsidwa ku South Africa, ndipo midzi yambiri ya ku Macanga ndi ku Tsangano imaunikabe ndi tochi. Sukulu zina zilibe madesiki okwanira. Ana ena amaphunzira pansi pa mtengo, m'mphepo yozizira ya Juni. Sukulu yotere ikapeza ndalama, iyambe ndi denga, buku ndi coko. Tabuleti silowa m'malo mwa aphunzitsi. Ngakhale ku Malawi kuja, mphunzitsi ndiye amagawa matabuleti, amakhazika ana pansi, amathandiza wosokonezeka. Cipangizo cikaonongeka popanda wocikonza cimasanduka mbale yopanda nchito m'kabati ya aphunzitsi aakulu. Amene akubweretsa zipangizo afunsidwe poyera: adzakonza ndani, ndipo ndalama zake zidzacokera kuti caka camawa?

Kunyumba nakonso kufunika maso. M'dziko la pa intaneti mumalowa aliyense, ndipo kamunthu kooneka ngati mwana kakhoza kukhala munthu wamkulu wa maganizo oipa. Mwana wa kalasi yoyamba asalowe yekha m'malo oceza ndi alendo. Asachule dzina lake, mudzi wake kapena sukulu yake. Masewera ena amapempha ndalama, ndipo amadya mayunitsi a foni ya bambo usiku umodzi. Nthawi ikhale yocepa, wamkulu ali pafupi. Kumasanje akale nakonso amayi ankasuzumira kuti moto usagwire mapesi.

Makolo ayang'anenso amene wagwira foni. M'mabanja ambiri imagwera mnyamata, mtsikana ali kumjigo kapena wabereka mwana kumsana. Zikatero, mudzi wa m'kompyuta udzamangidwa ndi anyamata okha. Mudzakhala mabwalo a mpira atatu, mjigo uli kutali monga kale.

Matabuleti mwina afika caka cino, mwina acedwa. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dongo lilipo kudambo. Mapesi, zitsekerero za mabotolo ndi timiyala zilipo. Aphunzitsi a kalasi yoyamba akhoza kulemba mzere waukulu pabwalo la sukulu, n'kunena kuti: “Uwu ndi mtsinje wathu.” Ana aumbe nyumba, khola ndi cigayo. Alembe maina pa timapepala, Cinyanja pamwamba, Cipwitikizi pansi. Lacisanu masana makolo pocokera kumunda adzere kusukulu, agogo atsogole, ndipo mwana aliyense aloze cimene waumba ndi kunena cifukwa cake waciika pamenepo.