Sikelo ya nyukiliya ikhale imodzi

Pa 28 September 2025 zilango za bungwe la United Nations zidabwereranso pa dziko la Iran, patangotha miyezi itatu chiphulitsireni America malo a nyukiliya a Fordow, Natanz ndi Isfahan. Mlandu ndi womwe uja: maiko a azungu akuti Iran ikufuna bomba, Iran ikuti ikufuna magetsi ndi mankhwala.

Pocheza titatuluka mumzikiti, kaya ku Ntaja kaya ku Ulongwe, ena amaikira kumbuyo Iran poti ndi dziko la Asilamu basi. Ife sititero. Pangano la 2015 lidalola Iran kuyenga yureniyamu kulekeza pa 3.67 peresenti, mlingo wokwanira kupangira magetsi. Kuyambira 2021 idafika pa 60, pomwe bomba limafuna pafupifupi 90. Bungwe loyendera malo a nyukiliya la IAEA likafunsa za zimenezi, Iran iyankhe mosabisa.

Komatu amene adayamba kutuluka m'panganolo ndi America, mu 2018, oyenderawo akuchitira umboni kuti Iran ikulitsata. Israel nayo, yomwe akatswiri ambiri amati ili ndi mabomba, sidasaine pangano loletsa kufala kwa zidazi la NPT, koma palibe chilango cha United Nations chomwe idalandira pa zimenezo. Wogulitsa mpunga pa Liwonde akakhala ndi sikelo ina yogulira, ina yogulitsira, dzina lake timalidziwa tonse.

Nanga zilangozo zimapweteka yani? Nduna sigona ndi njala. Amavutika ndi mayi wa ku Tehran amene ndalama yake yatha mphamvu, ndi wodwala amene mankhwala ake akusowa chifukwa mabanki akunja akuopa kutumiza ndalama. Ife amene tafolapo pamzere wa petulo, ndalama zakunja zitasowa, sitifunika kutifotokozera zambiri. Ndipo utsi wa mkanganowu ungathe kutipeza konkuno: pafupifupi limodzi mwa magawo asanu a mafuta a dziko lonse limadutsa pa khwalala la panyanja la Hormuz, m'mphepete mwa Iran, pamodzi ndi feteleza wambiri wa yureya. Pakavuta pamenepo, katundu wodzera ku Nacala, Nayuchi mpaka Nkaya amabwera ndi mtengo wina, ndipo woyamba kumva kuwawa ndi mlimi wa chimanga ndi msodzi wa boti la injini.

Malawi ali nako koyankhulira. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, womwe udaima mu 2014, udayambanso ntchito mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources. Mu 2022 dziko lino lidavomereza pangano loletseratu zida za nyukiliya, ndipo pangano la Pelindaba limati mu Africa musakhale zidazi. South Africa idaphwasula yokha mabomba ake asanu ndi limodzi n'kulowa mu NPT mu 1991, popanda ndege yakunja kuiphulitsira malo ake.

Choncho tikupempha aphungu a ku Machinga ndi Balaka afunse zinthu ziwiri m'Nyumba ya Malamulo: yureniyamu wa ku Kayelekera akupita kwa yani, ndipo ndani akutsimikiza kuti akuthera ku magetsi okha? Unduna wa zamaubale ndi maiko ena nawo, womwe udatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv mu 2024, utiuze ngati ku United Nations udzapempha kuti oyendera a IAEA alowe m'malo onse a nyukiliya a chigawo cha Middle East, a Iran ndi a Israel omwe.