Womwalira Akufuna Pemphero, Ife Tikusaka Mfiti

Mwezi wa Novembala wafika, mwezi umene Eklezia amatikumbutsa abale athu amene anatsogola. Pa 2 Novembala tidzasonkhana pa nsembe ya Misa ndi kutchula mayina awo. Tisanatero, tinene poyera chinthu chimene chimanong'onedwa pa maliro ambiri kuno ku Angónia, kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Domwe. Mtembo usanalowe n'komwe m'manda, achibale ena ayamba kale kusonkha ndalama zokaombezera. Funso lawo ndi limodzi: wamudya ndani? Yankho lake silivuta kulosera. Ula sugwera mwini golosale kapena mwini galimoto. Umagwera gogo wamasiye, wopanda womulankhulira, amene dimba lake lakhala likusiriridwa. Ambiri mwa osonkha ndalamazo ndi obatizidwa, ndipo ena amavala korona m'khosi.

Muzu wa vutoli ndi kusadziwa kuti mzimu wa munthu ndi chiyani. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka mu 1992, amaphunzitsa pa ndime 362 mpaka 368 kuti munthu ndi mmodzi, thupi ndi mzimu pamodzi. Thupi timalandira kudzera mwa makolo, koma mzimu amaulenga ndi Mulungu mwini, ndipo sufa. Pa imfa umakaonekera pamaso pa amene anaulenga, nudikira kuuka kwa thupi. Tsono ngati mzimu uli wa Mulungu, ndani angaunyamule m'lichero usiku? Ndani angausandutse ndondocha yogwira ntchito pa chigayo? Mkhristu wokhulupirira zimenezi wapatsa mnansi wake mphamvu imene ili ya Namalenga yekha.

Alipo amene adzatiyankha kuti tikunyoza mwambo wa makolo. Ayi ndithu. Makolo athu, Achewa ndi Angoni, ankadziwa Chauta amishoni asanafike ku Lifidzi. Ankadziwanso kuti manda sathetsa chibale, n'chifukwa chake ankathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo ndi kufulula mowa wa bona. Mu 1995, pambuyo pa msonkhano wa maepiskopi a mu Africa wa 1994, Papa Yohane Paulo Wachiwiri analemba kalata ya Ecclesia in Africa, momwe anayamikira ulemu umene Aafirika amapereka kwa makolo awo, nauona ngati khomo lolowera m'chikhulupiriro cha umodzi wa oyera mtima. Motero sitigwirizananso ndi alaliki amene amati aliyense womwalira asanabatizidwe ndi chiwanda. Agogo athu sanali ziwanda. Koma makolo omwewo analinso ndi mwabvi, umene unapha anthu osalakwa ambirimbiri, ndipo lero palibe amene akuupempha kuti ubwerere. Kuloza munthu chala chifukwa cha ula ndi mwabvi womwewo, wangosowa chikho.

Ena adzati ufiti ulipodi, nanga tiukane bwanji? Kuipa kulipo, ndipo pa ubatizo tinakana Satana ndi ntchito zake zonse. Nsanje ilipo, chiphe chiliponso. Amene ali ndi umboni woti mbale wake anathiriridwa chiphe apite nawo kwa mfumu ndi kupolisi. Koma woombeza amene walandira mbuzi kuti apeze mfiti sangabwere ndi yankho loti anali malungo, chifukwa mawa sadzaonanso mbuzi ina. Pamene ife tili kalikiliki kusaka mfiti, chibayo cha m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye chikupitiriza kutenga ana, kuthamanga kwa magazi kukugwetsa akuluakulu m'minda, ndipo chifuwa chachikulu, chimene chili ndi mankhwala kuchipatala, chikufalikira m'nyumba yomweyo ya maliro. Gogo amene wapezeka m'bandakucha pakhomo la eni ake, wosokonezeka, wosadziwa kwawo, kawirikawiri amakhala akudwala matenda oiwalaiwala a ukalamba. Ameneyo akufunika bulangete ndi womuperekeza kwawo. Ophunzira atafunsa Ambuye Yesu kuti analakwa ndani kuti munthu uja abadwe wosaona, pa Yohane 9, Ambuye anakana kuloza munthu aliyense, namuchiritsa. Buku la Deuteronomo mutu 18 ndi Katekisimu pa ndime 2116 ndi 2117 zimaletsa kuombeza ndi matsenga mosabisa mawu.

Nkhondo imeneyi si yathu yokha. Ku Philippines, dziko limene Uthenga Wabwino unafika mu 1521 ndipo lero ambiri mwa anthu ake ndi Akatolika, makolo awo ankalemekeza mizimu yotchedwa anito. Ulemu umenewo sunafe. Pa 1 ndi 2 Novembala, masiku amene iwo amati Undas, mabanja amadzaza kumanda, kukonza ziliza, kuyatsa makandulo ndi kupempherera akufa awo. Koma komweko kulinso zithumwa zotchedwa anting-anting, zina zolembedwa mawu onga Chilatini ndi zizindikiro za Chikhristu. Mtanda ukhoza kukhala pachifuwa mtima uli kwina. Ifenso tikamangirira mendulo ya Amayi Maria pa chingwe chimodzi ndi mphinjiri m'chiuno mwa khanda, tasandutsa chizindikiro cha pemphero kukhala mankhwala otsirikira.

Buku Lachiwiri la Amakabeo, mutu 12, limatiwonetsa njira. Yuda ndi asilikali ake atapita kukatola mitembo ya anzawo ofera kunkhondo, anapeza zinthu zoperekedwa kwa mafano zitabisika m'zovala zawo. Anawapempherera, nasonkha ndalama zotumiza ku Yerusalemu kuti iperekedwe nsembe yopepesera machimo awo. Iwonso anasonkha pa maliro monga ife, koma chosonkha chawo chinapita ku guwa. Ndipo kwathu konkuno tili ndi chitsanzo. Pa 30 Okutobala 1985, m'kati mwa nkhondo, ansembe awiri a chipani cha Ajezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa dera lino, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, anagwidwa ndi kuphedwa ku Chapotera. Imeneyo inali imfa yochita kupangidwa ndi manja a anthu. Komabe Akhristu amawakumbukira ndi Misa ndi maulendo a mapemphero, popanda kubwezera.

Choncho tikupempha zinthu zooneka ndi maso. Atsogoleri a miphakati, musachoke pa siwa mwambo wa kumanda ukangotha, chifukwa upo wokaombeza umapanganidwa usiku wotsatira, oimba atabalalika. Amfumu ndi anyakwawa amene muli Akhristu, musalole kuti munthu asamutsidwe m'mudzi chifukwa cha mawu a woombeza. Amayi a m'mabungwe a mpingo, gogo akanenedwa, kakhaleni pakhonde pake masana anthu akuona, mudye naye nsima. Achinyamata, manja amene amalandira Ukaristia asatole mwala. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mudzi umene wathamangitsa okalamba ake udzasowa pozimira moto wake.

Wokondedwa wathu amene wamwalira ali m'manja mwa Mulungu, ndipo ngati akuyeretsedwa m'Purigatoriyo, chomuthandiza ndi pemphero lathu, nsembe ya Misa ndi ntchito zachifundo. Ndalama zimene zikanapita kwa woombeza zigule makope a ana amasiye amene wasiya. Pa 2 Novembala tibwere ndi mayina a akufa athu, ndipo tibwere titagwira dzanja la gogo uja, akhale nafe pa benchi limodzi.