Tiyambe taganiza kumene citseko cidzatsegukira

NYENGO yokolola ikatha ndipo ndalama za cimanga, fodya kapena thonje zikalowa m'thumba, ambiri a ife timayamba kukonza nyumba. Timawerenga malata, njerwa ndi matumba a simenti mosamala kwambiri. Koma funso lakuti citseko ca cipinda cidzatsegukira kuti timangosiyira mmisiri. Ife tikuti uku ndi kulakwa, cifukwa amene adzakhala m'nyumbamo ndife, osati mmisiri.

Mafelemu acitsulo amene timagula m'masitolo amabwera ndi mahinji oocerera kale, ena kumanja, ena kumanzere. Felemu ikamangidwa m'cipupa ndipo simenti yauma, kuisintha ndiye kugumula ndi kulipiranso. Akuluakulu anati mmera m'poyamba.

Citseko ca cipinda cimakhala pafupifupi masentimita 80 m'lifupi, ndipo potseguka cimadya malo onse amene cimadutsamo. Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Tengani cingwe ca msinkhu umenewo, gwirani nsonga imodzi pamene padzakhala mahinji, ndipo lembani pansi ndi khala njira ya nsonga inayo. Mukatero mudzaona ngati bedi, kabati kapena citseko cinzake zidzagundana naco.

M'cipinda cogona ndi bwino kuti citseko citsegukire mkati ndi kukatsamira cipupa capafupi. Cikatsegukira m'paseji cingathe kumenya mwana amene akuthamanga kapena mai amene wanyamula poto wamoto. Swichi ya magetsi ikhale mbali ya cogwirira, kuti munthu asamafufuze kumbuyo kwa citseko mumdima.

Koma kubafa ndi kucimbudzi ca m'nyumba nkhani ndi ina, ndipo apa m'pamene tifuna kuti owerenga amvetsetse. Tizipinda timeneti timakhala tating'ono. Agogo akacita cizungulire, kapena munthu wodwala khunyu akagwa, thupi lake limapinga citseko cotsegukira mkati. Amene ali kunja akakankha, akukankha wodwalayo. Mphindi zimene zikanathera pa kumuthamangitsira kucipatala zimathera pa kufuna nkhwangwa. Citseko cotsegukira kunja cimacotsa vuto lonseli.

Cimodzimodzi kacipinda kosungiramo zokolola. Thumba limodzi la makilogalamu 50 likagwa pa mulu ndi kutsamira citseko, mwini cimanga amasanduka mlendo pa nkhokwe yake.

Ena adzati citseko cotsegukira kunja sicioneka bwino, ndiponso cimacepetsa njira. Zimenezi tazimva. Ngati paseji ndi yopapatiza, sunthani khomo pang'ono kapena ikani citseko cokoka cammbali. Maonekedwe sangapose moyo wa munthu.

Mau athu apitenso kwa makomiti omanga m'maparishi. Pa 16 June 1883, ku Victoria Hall mumzinda wa Sunderland ku England, ana 183 anafa popanikizana pa citseko cotsegukira mkati, cimene cinakhomedwa mosiya kampata kodutsa mwana mmodzi. Panalibe moto, ana anali kungothamangira mphatso. Kucokera pa ngozi zotere maiko anaphunzira kuti zitseko za malo osonkhanira anthu ziyenera kutsegukira kunja, kumene anthu amathawira. Kodi holo ya parishi yanu ndi makalasi a ana zili motani? Pitani mukaone Sondo likudzali mapemphero akatha.

Tikupempha amisiri kuti azifunsa eni nyumba asanaimike felemu. Nanunso abambo, musagamule nokha. Itanani amai, pakuti ndiwo amadutsa m'makomo amenewa tsiku lonse atanyamula madzi, mbale ndi mwana kumbuyo, ndipo amadziwa dzanja limene limakhala lopanda katundu. Yendani nao m'nyumbamo khomo ndi khomo, khala lili m'manja, simenti isanasakanizidwe.