Wefuwefu wa pa citunda si matenda

Tsiku lina m'mawa ndinaima m'mbali mwa mseu wa ku Lundazi ndi kupenyerera bambo wina akukankha njinga pa citunda, masaka atatu a makala ali kumbuyo. Thukuta linali kamukamu, cifuwa cikukwera ndi kutsika. Mai amene anali pafupi nane anamumvera cisoni, nati munthuyo adzafa ndi mtima. Koma ine ndinaganiza kuti mwina pa ife atatu, mwini mtima wolimba anali wa makalayo.

Owerenga athu, tiyeni tione zocitika m'kati mwa cifuwa. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mineti imodzi. Pa mineti imeneyo umapopa magazi okwana malita 5, monga kacigubu ka saladi. Mapapo nawo safulumira: amakoka mpweya ka 12 kufikira ka 20, pafupifupi theka la lita nthawi iliyonse. M'mapapomo magazi amatenga mpweya wabwino wa okosijeni ndi kusiyamo woipa kuti utuluke.

Tsono pa citunda zinthu zimasintha. Minofu ya miyendo imafuna okosijeni wambiri kuti ipeze mphamvu m'cakudya, ndiponso imatulutsa mpweya woipa woculuka. Ubongo umalamula kuti kupuma kufulumire ndi kuzama. Mtima nawo umathamanga mpaka kupopa malita 20 kapena kuposa pa mineti, cigubu cathunthu cotungira madzi! Mitsempha ya kumimba imacepa kuti magazi ambiri apite ku miyendo. N'cifukwa cake kupalasa njinga mutangokhuta nsima kumavuta. Wefuwefu uja ndi cizindikiro cakuti nchito ikugwirika.

Mtima ndi mnofu, ndipo mnofu wogwira nchito umalimba. Wa munthu wozolowera kupalasa umakankha magazi ambiri pa kugunda kumodzi, motero mwini wake akapumula, iwonso umagunda pang'onopang'ono, ena mpaka ka 50 cabe.

Apa ndi pamene ndili ndi dandaulo. Chipata anachuka ndi njinga. Acikulire akumbukira njinga za Eagle zimene zinali kupangidwa konkuno ndi kampani ya Luangwa Industries. Lero munthu wa miyendo yabwinobwino akafuna kucoka ku Kapata kupita ku Down Shops, ayamba wafuna njinga yamoto kapena takisi. Sindikunyoza anyamata oyendetsa, iwo akufuna cakudya ca ana awo. Ndikunena za ife a m'maofesi ndi m'masitolo, amene timakhala pa mpando tsiku lonse, ndipo tidabwa anamwino akatiuza kuti BP yakwera.

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa nchito thupi kwa mamineti osacepera 150 pa sabata. Ndiye kuti mamineti 30 masiku asanu. Kulima, kuyenda ndawala ndi kupalasa njinga zonse ziwerengedwa. Muyeso wake ndi wapafupi: muzitha kulankhula, koma osatha kuimba nyimbo. Phiri la Kanjala sililipiritsa munthu, koma amene mwakhala nthawi yaitali osayenda, makamaka odwala BP kapena shuga, yambirani pa cidikha ndipo funsani ku kiliniki coyamba.

Komabe pali befu wina amene si wa nchito. Wefuwefu wabwino amatha mukapumula pang'ono. Ngati mpweya ukuperewera muli cikhalire kapena mukagona cagada, ngati miyendo ikutupa, pamtima pakuwawa kapena kulemera poyenda, kapena mukucita cizungulire mpaka kukomoka, musalimbikire ai. Pitani ku kiliniki kapena ku Chipata Central Hospital tsiku lomwelo. Cifuwa copitirira masabata awiri naco cifunika kupimitsa makhololo, cifukwa cingakhale TB.