Pabaji palembedwa "Elder", koma Chisipanishi chake n'cha milungu 6

Mnyamata wa zaka 18 wa mpingo wa Mormon akalandira kalata yomuitana kukatumikira, maso ake amathamangira pa zinthu ziwiri: kumene akupita, ndi chiyankhulo chimene azikalalikira. Zonsezi sasankha yekha. Iye amangotumiza mapepala, ogamula ndi akuluakulu a mpingo ku Salt Lake City, m'chigawo cha Utah. Tsiku lotsegula kalatayo achibale amadzaza pabalaza, mafoni m'mwamba, wina akulosera Japan, wina Brazil. Ndiye tiyerekeze kuti mnyamata wathu, wokulira m'katauni ka ku Idaho, wawerenga mokweza kuti: Houston, Texas. Chiyankhulo, Chisipanishi.

Pasipoti sakuifuna, koma ulendowu ndi wakunja ndithu. Kalembera wa mu 2020 anapeza kuti ku America kuli anthu pafupifupi 62 miliyoni amene kwawo kapena kwa makolo awo ndi kumaiko oyankhula Chisipanishi. Kumeneko n'kuphatikiza Amalawi tonse pafupifupi katatu. M'mizinda ngati Houston, Los Angeles ndi Miami muli madera amene munthu angathe kugula ndiwo, kumetetsa, kupemphera ndi kukangana ndi mwini nyumba tsiku lonse osatchulako liwu la Chingerezi.

Anyamata amenewa mumawadziwa. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe timakumana nawo awiriawiri, malaya oyera, tayi, kabaji kakuda pachifuwa. Dzina lenileni la mpingo wawo ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima M'masiku Otsiriza, ndipo mu 2018 mtsogoleri wawo wa nthawiyo Russell M. Nelson anapempha anthu kuti asiye kuwatchula kuti a Mormon, ngakhale dzinalo likukanirirabe pakamwa pa ambiri. Mu 2012 mpingowu unatsitsa zaka zoyambira utumiki, anyamata kuchoka pa 19 kufika pa 18, atsikana kuchoka pa 21 kufika pa 19. Mnyamata amatumikira zaka ziwiri, mtsikana miyezi 18. Salandira malipiro, ndalama zimachokera kwa iye mwini, makolo kapena a mumpingo. Pabaji paja mnyamata amalembedwa kuti Elder, kutanthauza mkulu, pomwe mwina lumo lometera ndevu waliyamba chaka chatha chomwechi.

Asanaone Houston amayamba wapita kusukulu ya amishonale. Yaikulu ili ku Provo, ku Utah komweko, ndipo ina inatsegulidwa ku Mexico City mu 2013. Wophunzira Chisipanishi amapatsidwa milungu pafupifupi 6. Inu amene munalimbana ndi French zaka zinayi kusekondale n'kutsala ndi moni yekha, ganizirani zimenezo.

Chosangalatsa n'chakuti chiyankhulocho amachiphunzira chozondoka. Munthu wamba amayamba ndi "madzi", "zingati", "chimbudzi chili kuti". Mmishonale amayamba ndi pemphero. Pomatuluka pasukulupo amatha kunena arrepentimiento, kulapa, osapunthwa, koma dzina la supuni n'kutheka sakulidziwa. Kuonjezera apo, malemba amene amawerenga m'mawa uliwonse ali m'Chisipanishi chaulemu chakale, chodzaza ndi vosotros, liwu limene ku Spain likadali moyo koma munthu wa ku Mexico salitchula pocheza. Zili ngati mlendo amene Chichewa chake chonse wachitenga m'Buku Lopatulika lakale lija, kenako akwere minibasi ya ku Ndirande n'kuyamba kukambirana za chenji ndi kondakitala.

Akafika amamupatsa mnzake womuphunzitsa ntchito, amene nayenso ndi mnyamata, kungoti anayambako miyezi ingapo. Awiriwa sasiyana usana ndi usiku. Amadzuka cha m'ma 6:30, kuwerenga, kukonza za tsikulo, kenako panja. Watsopanoyo anzake amamutchula kuti greenie, ngati kunena kuti chipatso chosapsa.

Khomo loyamba likatseguka m'pamene amadziwa kusapsa kwakeko. Aphunzitsi a ku Provo ankayankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse padera. Mayi amene watsegula chitseko, mwana m'manja, mphika ukuwira kumbuyo, alibe nthawi imeneyo. Ndipo Chisipanishi sichimodzi. Wa ku Cuba kapena Puerto Rico amameza "s" wa kumapeto kwa mawu. Wa ku El Salvador ndi Honduras amati vos pomwe buku linati tú. Wina wa kumapiri a ku Guatemala chiyankhulo chake chobadwa nacho ndi K'iche' kapena Mam, Chisipanishi anachita kuphunzira ngati mnyamata wathuyu. Milungu yoyamba ntchito ya greenie imakhala kumwetulira, kugwedeza mutu, ndi kudikira kuti mnzake amuyang'ane, chizindikiro chakuti nthawi yonena ziganizo ziwiri zoloweza zija yakwana.

Zolakwitsa zake zina n'zodziwika moti zinasanduka nthabwala za amishonale okhaokha. Tchimo ndi pecado, nsomba yakudya ndi pescado. "S" mmodzi yekha, munthu walalikira ndi nkhope yachisoni kuti Yesu anafera nsomba zathu. Cansado ndi wotopa, casado ndi wokwatira. Mtsikana wofuna kunena kuti wachita manyazi akatengera Chingerezi n'kunena kuti embarazada, walengeza kuti ndi woyembekezera.

Koma pali china chimene ife Achewa tingachimve msanga kuposa mnyamata wa ku Idaho. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la "iwe" ndi "inu". Chisipanishi chili ndi awiri, tú ndi usted, ndipo kusokoneza awiriwa kwa munthu wamkulu n'chimodzimodzi kunena "iwe" kwa apongozi. Mnyamatayu wakula osaganizirapo zimenezi, tsopano mneni aliyense akumufunsa kuti munthu ali patsogolo pakeyu ndi ndani kwa iye. Amishonale ambiri amaphunzitsidwa kungogwiritsa usted kwa pafupifupi aliyense, kuti pakhale ulemu komanso kampata. Chodabwitsa chimabwera popemphera: Mulungu amamuyankhula ndi tú, liwu la pachibale, la mwana kwa bambo ake. Kwathu kuno zingamveke mwano woopsa. Kwa iwo ndiye chikondi chake. Tsono mnyamata amatha tsiku akunena "inu" kwa wogulitsa musitolo, madzulo n'kugwada kunena "iwe" kwa Namalenga.

Kumene chiyankhulo chalephera, mbale imayankhula. Mabanja a mumpingo amasinthana kuitana amishonale kudzadya, ndipo azimayi a ku Mexico ndi ku Central America pa nkhani ya mlendo ndi abale athu enieni: mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ukamaliza mbale msanga ndiye kuti sunakhute, akuonjezera. Chimanga n'chomwechi, koma iwo amachiphika ndi laimu asanachipere, n'kupanga tortilla ndi tamales. A ku El Salvador amabwera ndi pupusas. Chakumwa chofiira chimene amati agua de jamaica ndi chidede chathu chomwechi. Tsiku lina pamabwera menudo, msuzi wa nthumbwana za ng'ombe wothira tsabola, ndipo mnyamata amene nyama ankaidziwa ya m'pepala la musitolo amayang'ana mnzake ndi maso opempha thandizo.

Vuto lenileni ndi khofi. Lamulo la zaumoyo la mpingowu, lochokera mu 1833, limaletsa mowa, fodya, tiyi ndi khofi. M'nyumba zambiri za anthuwa kapu ya khofi ndiyo moni. Kuikana mwaulemu kumafuna mawu ofewa, ozungulira, amene munthu wa milungu 6 alibe. Amangoti "ayi, zikomo", gogo n'kutsala atanyamula kapu. Ndipo akadzapitiriza maphunziro, mnyamata yemweyu adzayenera kuuza gogoyo kuti nayenso asiye.

Apa m'pamene nkhaniyi imasiya kuseketsa. Taganizirani kugogoda kwa chitseko mmene kumamvekera kwa munthu amene mapepala ake okhalira m'dziko sali bwino. Akusuzumira pawindo, akuona azungu awiri ovala tayi, mabaji pachifuwa. Ena amazimitsa wailesi n'kuuza ana kuti akhale chete, poganiza kuti ndi la migra, dzina limene amatchulira a zolowa ndi kutuluka. Amene muli ndi m'bale ku Joni mukudziwa mantha amenewa, safuna kumasulira. Mnyamata wathu amachoka pakhomopo akudandaula kuti anthu ndi ouma mtima, osadziwa kuti m'katimo mtima wa munthu unali m'mwamba. Mpingo wake sufunsa mapepala pobatiza munthu, ndipo mu 2010 unavomereza mfundo za Utah Compact zolimbikitsa kusalekanitsa mabanja a anthu obwera. Koma zimenezo sizilembedwa pa tayi.

Amene atsegula nawonso amamuphunzitsa zina. Bambo womanga nyumba kapena wofolera madenga padzuwa la ku Texas amafika kwawo mdima utagwa. Mayi ali ndi ntchito ziwiri. Akati "mubwere mawa" nthawi zambiri akutanthauza "sindikufuna kukukhumudwitsani", ndipo ahorita, limene buku limati "pompano", lingathe kukhala mawa kapena chaka chamawa. Ifenso timatero, timati "ndikuuzani" tikudziwa kuti nkhani yathera pomwepo. Mnyamata woleredwa pa "inde ndi inde" amalemba nthawi m'foni, n'kukapeza loko.

Ndipo wina akafunadi kulowa mpingo, mtengo wake sukhala wofanana mbali ziwirizi. Amene akukhalira limodzi osakwatirana amayenera kumanga ukwati kaye, zomwe zimavuta ngati mmodzi anasiya ukwati wina wosathetsedwa kwawo. Ambiri anakulira m'Chikatolika, pakhoma pali chithunzi cha Maria wa ku Guadalupe amene chikondwerero chake pa 12 December chimagwedeza Mexico yense. Kwa mmishonale ubatizo ndi chithunzi chovala zoyera chotumiza kwa makolo, ndi nambala yolowa mu lipoti la mlungu. Kwa mayi wobatizidwayo ungakhale mkangano wa zaka ndi amayi ake amene ali ku Michoacán. Ine ndimaona kuti funso ili ndi loyenera kufunsa, ngakhale kwa amene amawakonda anyamatawa: kodi munthu wa zaka 18, amene sanalipirepo lendi kapena kuika maliro a mwana, akumva kulemera kwa chimene akupempha? Ena amamva ndithu, koma pambuyo pake, chiyankhulo chitafika poti atha kumvetsera osati kungodikira nthawi yawo yoyankhula.

Sindikunena kuti amabwera chimanjamanja. Amaphunzitsa Chingerezi kwaulere kutchalitchi, amanyamula katundu wa osamuka, amatchetcha udzu. Kwa munthu amene wangofika m'dziko lachilendo, kampingo koyankhula chiyankhulo chake, komwe wina angamuuze kumene kukufunika antchito, si chinthu chochepa.

Nanga iye mwini amalirira kuti? Mpaka February 2019 amishonale ankaloledwa kuimba foni kwawo kawiri kokha pachaka, pa Khirisimasi ndi pa tsiku la anakubala, zina zonse zinali makalata. Tsopano amatha kuimba kapena kuonana pavidiyo mlungu uliwonse, pa tsiku lawo lochapa ndi kugula zinthu, lomwe kawirikawiri limakhala Lolemba. Foni ali nayo, koma ndi ya ntchito, yotchingidwa zambiri. Inu amene foni ikangotha moto mumamva ngati mwatsekeredwa, yerekezani kukhala pabalaza la anthu 10 akuseka nthabwala imene simunaimve, mutu ukuwawa chifukwa chomasulira tsiku lonse. Ena zimawakulira, amabwerera kwawo nthawi isanakwane, ndipo m'madera amene pafupifupi mnyamata aliyense amapita ku utumiki, kubwerera msanga kumakhala ndi manyazi ake.

Kwa ambiri chiyankhulo chimabwera mwakachetechete, patatha miyezi. Aphunzitsi abwino amakhala ana, poti iwo saopa kuseka munthu wamkulu n'kumukonza pomwepo, ndipo akatopa naye amangosinthira ku Chingerezi chimene amayankhula bwino kusukulu. Tsiku lina mnyamata amazindikira kuti waseka nthabwala pamodzi ndi ena onse, osati mochedwa. Amayamba kunena mande m'malo mwa "mwati bwanji", ngati wa ku Mexico weniweni.

Kenako foni imalira. Milungu 6 iliyonse mtsogoleri wa mishoni amasuntha anthu, ndipo patatha miyezi ingapo pamalo amodzi dzina lake limatuluka. Amalongedza masutikesi awiri, kujambulitsa ndi banja lija, mayi akumukulungira tamales za panjira. Mlungu womwewo mnzake uja amagogodanso pakhomo lomwelo ali ndi mnyamata wina wa malaya oyera kwambiri, nsapato zosafumbira, amene akufunsidwa ngati wadya kale n'kungomwetulira poti sanamve funso.